Miyendo Yonse Ioneke

Ku Petauke aliyense amene anakwatira, kubatiza mwana kapena kugula njinga yatsopano m'zaka zimene zovala zovalidwapo kale za salaula zinadzaza msika, ali ndi chithunzi chojambulidwa ndi Tomasi Zuze penapake m'nyumba mwake. Simungachiphonye. Munthu waima njo pakati penipeni, manja ali m'mbali, nsapato zikuoneka zonse ziwiri ngakhale zili zobwereka. Pamwamba pa mutu patsala kampata, pansi pa nsapato pali kadothi. Tomasi sankadula munthu miyendo, ndipo mukanamupempha kuti atero akanakuyang'anani ngati mwamutukwanira mai ake.

Chizolowezichi anachitenga ku Ukwimi, kumsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anafikako mu 1987 ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iye ndi mai ake, Amai Ezelina, atayenda masiku asanu ndi anayi kuchokera kumudzi wina wa kufupi ndi Fingoe. Tsiku limene mudziwo unatenthedwa, Amai Ezelina anagwira mwana pamkono n'kuthawira kumpoto. Akulu awo, a Rabeka, anali kumtsinje kochapa, ndipo kuyambira tsikulo sanaonanenso. Kumsasako kunkabwera wojambula kamodzi pamwezi, ndipo aliyense wofuna kutumiza chithunzi kwa abale ankamuuza mawu amodzimodzi: miyendo yonse ioneke. Kwawo kunali mabomba okwirira m'njira ndi m'minda. Ukatumiza chithunzi chothera m'chiuno, abale ako ankalira maliro a miyendo imene iwe ukuyendera bwinobwino.

Nkhondo itatha, magalimoto anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo. Amai Ezelina anakana kukwera. Anati akafikira kwa yani, poti mwamuna anamwalira kalekale ndipo mudzi unasanduka phulusa. Anapeza munda cha ku Msanzala n'kuyamba kulima chimanga, thonje ndi mtedza ngati wina aliyense wa kumeneko. Tomasi yekha ndiye khasu silinamukonde, nayenso sanalikonde. Anasinthanitsa mbuzi ziwiri ndi kamera ya filimu ya munthu wina amene ankabwerera ku Tete, ndipo anaipeza pa nthawi yake. Masitolo a boma anali atatsekedwa, aliyense ankatsegula kantemba kake, ndipo munthu akagula jekete la salaula mtima sunkakhala pansi mpaka atajambulitsa nalo. Tomasi ankapalasa njinga kuchokera ku Msanzala mpaka paboma, masiku ena n'kukwera basi kupita ku Nyimba. Filimu ikadzaza ankaipatsira kondakitala kuti ikatsukidwe ku Chipata, ndipo ulendo wina anamubweretsera ukwati wa anthu osawadziwa.

Anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, woyenda mopendekera mbali imene kunali chikwama cha kamera. Asanajambule ankakukonza kolala, n'kukupukuta fumbi la pansapato ndi kansalu kake, n'kuwerenga mapazi asanu ndi awiri chobwerera m'mbuyo. Kaya ndiwe mkwatibwi, kaya mlimi amene wagula wailesi, mapaziwo anali omwewo. Ntchito imeneyo ankaidziwa ngati njira ya kumunda.

Mutu wake unayamba kuzungulira mu 2005, pamene anagula kamera yopanda filimu ku Lusaka, pamodzi ndi kompyuta yakale ndi pulinta, n'kuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Kamerayo inkakuonetsa chithunzi pompopompo pa kagalasi ka kumbuyo. Chikapanda kukusangalatsa unkachifufuta n'kujambulanso. Tomasi, amene zaka zonsezi ankadina kamodzi basi n'kupemphera, tsopano ankadina kakhumi n'kusowa choti asankhe.

Womuthandiza anapezeka, kapena tinene kuti anadzipereka yekha: aKapembwa, mphunzitsi wa kusekondale amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Kasama. Anali munthu wamtali, wa mtima wabwino, wa choko mpaka m'tsitsi, ndipo anali ndi buku lalikulu la kajambulidwe limene ankalikhulupirira kuposa wailesi. Loweruka lililonse masana ankabwera kudzakhala pa benchi ya Tomasi.

"Ba Tomasi," anatero tsiku loyamba akuyang'ana zithunzi za pakhoma, "anthu anu onse aimilila monga agwiliwa na polisi. Munthu osamuika pakati. Mugawe chithunzi patatu so, na patatu so. Maso ya munthu yankhale apa, pamene mizele yakumana."

"Nanga pakati pazankhala ndani?" anafunsa Tomasi.

"Palibe."

"Munthu wasamba, wavala jekete, wayenda mtunda wonse uyu, ine nimuike pambali monga mlendo?"

"Ndiye mwamene chithunzi chipumila. Elo fendelani pafupi. Nsapato sizikamba kanthu, nkhope ndiye ikamba."

Tomasi anakayesa nzeruzi ku Nyimba, pamalo pamene mabasi a ku Lusaka amaima kuti anthu agule nthochi. Mai wina wogulitsa pamenepo, dzina lake Christabel, anafuna chithunzi chotumiza kwa mwana wake. Tomasi anamuika kumanzere n'kumudula m'chiuno, ndipo mbali yotsalayo inadzaza mikoko ya nthochi. AKapembwa atachiona anaomba m'manja. Christabel atachiona anafunsa ngati amene anapempha chithunzicho anali iye kapena nthochi, ndipo anachisiya pomwepo.

Za pakompyuta ndiye zinamumalizitsa. AKapembwa anamuonetsa mmene angawalitsire chithunzi chakuda, mmene angadulire m'mphepete, ndi kachida kena kamene kamatapa khungu pamalo osalala n'kulimata pamene pali chiphuphu, ngati mmene amai amazirira pansi m'nyumba. Anamupatsanso sidi ya pakompyuta yogulidwa kumsika wa Kamwala ku Lusaka, yodzaza malo okongola oika kumbuyo kwa munthu: mathithi, galimoto lofiira, nyumba yosanja ya maluwa pakhomo. Anthu a ku Petauke atamva anakhamukira kukachipindako. Atsikana ankatuluka opanda ziphuphu, madoda opanda imvi, ndipo mlimi wina wa thonje anatsamira galimoto lofiira lija ngakhale chibadwire anali asanakwerepo china choposa lole. Apa aKapembwa, eni ake a sidiyo, anayamba kupukusa mutu.

"Ninakuphunzitsani kuchosa fumbi, osati kuchosa munthu," anatero. Anagwira mausi n'kukulitsa tsaya la mtsikana wina mpaka linadzaza galasi lonse la kompyuta. "Onani. Khungu ya munthu ili na tumabowo, na tumizele. Manje apa pamene mwazila pali see monga sopo. Wamene aziwa nchito azaona chabe kuti apa panali chinthu."

"Koma mwine wake wakondwa," anatero Tomasi.

"Wakondwa na boza."

Choncho chimene aKapembwa ankachitama anthu ankachikana, ndipo chimene anthu ankachikonda aKapembwa ankati ndi bodza. Tomasi anafika posadziwanso kuti chithunzi chabwino ndi chotani. Ankati akakweza kamera, khutu lina likumva zosendera pafupi, lina likumva za miyendo, chala n'kuima m'malere mpaka wojambulidwayo kumwetulira kumuthera. Mkazi wake, Pilirani, ankati kamera yatsopanoyo yamudya mutu mwamuna wake, ndipo sankanama kwenikweni.

Kalata inamupeza ali m'chisokonezo chimenechi. Inabwera ndi Morgan, wamalonda wa ku Nyimba amene ankawoloka malire ndi masipoko ndi matayala a njinga n'kubwerako ndi nsomba zouma. Inalembedwa ndi katekisiti wina wa kutsidyako, ndipo inawerengedwa m'matchalitchi a ku Msanzala Lamulungu: mai wina wokalamba, dzina lake Rabeka, akufunafuna mng'ono wake Ezelina amene anathawa ndi mwana wamwamuna. Koma kalatayo inali ndi mchira. Inati banjalo linanamizidwapo kale ndi mai wina amene anabwera ndi maina onse a pamtundu pakamwa, n'kudya nawo miyezi itatu. Maina aliyense angawatchule, inatero kalatayo, tumizani nkhope.

Tomasi sanawadabwe anthuwo, chifukwa nawonso mai ake anali atapsapo. Mu 1997 anamva za Rabeka wina, anayenda masiku atatu mpaka kumalire, n'kukapeza mtsikana woyenera kukhala mwana wawo. Atabwerako anagona mwezi wathunthu popanda matenda odziwika, ndipo Tomasi analumbira kuti sadzawayendetsanso ulendo wa mphekesera. Tsopano mawondo awo anali atatha, maso akuchita nkhungu. M'thupi mwawo munatsala ulendo umodzi basi, ndipo chithunzi ndicho chimene chikananena ngati aunyamuke kapena ayi.

Anawajambula m'mawa, pakhomo pawo. Amai Ezelina anavala chitenje cha kutchalitchi ndi nsapato zoyera za Pilirani, n'kuima njo patsogolo pa nkhokwe. Tomasi anawerenga mapazi ake asanu ndi awiri, kenaka anakumbukira aKapembwa n'kuyamba kusendera.

"Uyenda kuti?" anafunsa mai ake. "Bwelela kumbuyo."

"Amai, akamba kuti titumize nkhope."

"Nkhope ili pamwamba pa miyendo. Ufuna akulu anga alile? Bwelela."

Anabwerera, n'kubwereranso, mpaka nsapato zinalowa zonse ziwiri, pamodzi ndi nkhokwe yopendekeka ndi mbuzi imene palibe anaiitana. Atadina, mai ake anawonjezera mawu ochepa: "Ukonze bwino, aone kuti sinivutika kuno."

Mawu amenewo anamutsatira mpaka kukachipinda kuja. Anachotsa mbuzi. Anachotsa nkhokwe n'kuikapo nyumba yosanja ya maluwa. Kenaka anakulitsa nkhope ya mai ake, ndipo anaona zimene anakula akuziona mpaka kusiya kuziona: mphini, zitatu patsaya lililonse ndi imodzi yoongoka pamphumi. Pagalasi la kompyuta zinkaoneka ngati chithunzi chakalika ndi minga. Anakumbukira atsikana a kwaya akunong'onezana kuti mphini ndi zachikale za kutchire. Anakumbukira aKapembwa akunena za bodza. Anakumbukiranso tsiku lomaliza la ulendo wothawa uja, mai ake atamubereka kumsana ngakhale anali mnyamata wamkulu ndithu. Ankawakonda mai akewo, ndipo anafuna kuti kamodzi kokha aoneke ngati munthu amene dziko silinamukhudzepo. Anatapa khungu la pachibwano n'kuzira mphini zonse zisanu ndi ziwiri, imodziimodzi, mosamala kuposa mmene anachitirapo kwa munthu wina aliyense.

Amai Ezelina anachigwira chithunzicho patali, maso atafinya. Anayamba kuona nsapato, kenaka chitenje.

"Nyumba iyi ni ya ndani?"

"Ni yanu, amai."

"Chabwino. Ine nizagona pamwamba, iwe na Pililani pansi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe, poti pachithunzipo inali yaing'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, komanso munthu nkhope yake amaidziwa kale. Tomasi anaika chithunzicho mu envulopu n'kukamupatsira Morgan pasiteshoni ya basi. Morgan sankawadziwa Amai Ezelina, ndipo kutsidyako sankafika kumudzi kwa a Rabeka. Ankangosiya makalata pagolosale ya pafupi ndi tchalitchi, mayankho n'kudzatenga pobwerera.

Panapita masabata asanu ndi awiri, nyengo yotola thonje. Amai Ezelina sankaitchula nkhaniyo, koma anaswa mtedza wabwino, wosankha, n'kudzaza kathumba, n'kukasoka pakamwa, n'kukaika pakona pamene ankagona. Pilirani anawamva tsiku lina akuyeseza moni wa kwawo kuseri kwa nyumba, koma sanawafunse. Aliyense pakhomopo ankadziwa mwini wake wa mtedzawo.

Morgan anabwera Lolemba, fungo la nsomba lili patsogolo. Mu envulopu munali zinthu zitatu: chithunzi cha Tomasi chobwezedwa, chithunzi china, ndi kalata yaifupi. Katekisiti analemba kuti Amai Rabeka achiyang'ana chithunzicho masiku awiri, iwo pamodzi ndi adzukulu awo a maso akuthwa, ndipo akuti mai ameneyu si mng'ono wawo. Chithunzi chawo anali atajambulitsa kale ku Tete, choncho achitumiza ndithu kuti a ku Zambia adzionere okha. Mawu omaliza anali akuti musavutike kubwera.

Tomasi anayang'ana chithunzi chachiwiricho. Poyamba anayesa kuti amubwezera chake kawiri. Nyumba yosanja inali yomweyo, maluwa omwewo, ngakhale kamtambo ka pamwamba pa denga. Koma pakati penipeni panaima mai wina wamfupi, wonenepako, wa nsapato zakuda, nkhope ili see ngati ya mtsikana. Sidi ya ku Kamwala inali itafikanso ku Tete. Zinali zoseketsa, koma Tomasi sanaseke, chifukwa ankaganiza za kathumba kaja.

Anapalasa njinga kupita ku Msanzala tsiku lomwelo. Anawawerengera mai ake kalata ali pamphasa, n'kuwapatsa chithunzi cha ku Tete. Ulendo uno sanachigwire patali. Anachiyandikiza mpaka pamphuno.

"Aima pa nyumba yanga," anatero. "Miyendo ali nayo, Mulungu atamandike. Koma si akulu anga."

"Mwaziwa bwanji, amai? Papita zaka zambili. Kapena anasintha."

"Kusintha angasinthe, koma mphini sizichoka." Anapititsa chala pamasaya a mai wa pachithunziyo. "Tinatemewa tsiku limodzi, ise awili, na azakhali athu. Anayamba ni akulu anga. Zitatu uku, zitatu uku. Pofika ya pamphumi ine ninachita mantha, ninagwila dzanja la azakhali, lumo n'kutelela. Yao inapendekeka, inatsikila ku diso la kumanzele. Ananikalipila chaka chonse. Uyu alibe olo imodzi."

Tomasi anatsitsa maso. Anayang'ana chithunzi chake chobwezedwa chija, chimene chinali pabondo pake, masaya ali see, mphumi ili see. Anaganiza za mai wokalamba kutsidyako atakhala masiku awiri akufunafuna ndi chala chinthu chimene iye anachizira ndi manja ake. Mai ake anadzuka pogwira khoma, analowa m'nyumba, n'kutuluka akukoka kathumba kaja.

"Mailo ukagulitse pa boma," anatero.

M'mawa mwake anamanga kathumbako panjinga, koma kumsika sanapite. Anapita kusekondale, kumene kunali makina olowetsera chithunzi cha papepala mu kompyuta, n'kuwapeza aKapembwa pa nthawi yopuma. Anawafotokozera zonse osabisa. AKapembwa akanatha kunena kuti ndinakuuzani, koma sananene. Anangopukuta choko m'manja n'kuika chithunzi cha ku Tete pamakinapo.

Anakulitsa nkhope ya mai uja mpaka maso anasanduka timabokosi, n'kubwezako pang'ono. Anadetsa chithunzicho, n'kuchiwalitsa, n'kuchidetsanso, ndipo pang'onopang'ono masayawo anayamba kuulula. Khungu lonse linali ndi timakwinya ta ukalamba, kupatula timizere tosalala, titatu uku, titatu uku.

"Mnzanu wa ku Tete ali na dzanja yolema kupambana imwe," anatero aKapembwa.

Tomasi ankayang'ana pamphumi. Panali mzere wina wosalala, ndipo sunali woongoka. Unayambira pakati n'kutsikira cha kudiso.

"Ni kumanzele uku?" anafunsa. Anakweza dzanja lake lamanzere, n'kulitsitsa, n'kufulatira kompyuta kuti aime mmene mai uja anaimira, n'kulikwezanso. Mutu unali utamuima. "Olo ni ine chabe nifuna kuona?"

"Ni kumanzele kwake," anatero aKapembwa. "Koma mvelani, ba Tomasi. Ine ningakambe kuti apa anafuta chinthu. Siningakambe kuti anafuta chani. Kapena ni mphini, kapena ni makwinya chabe. Buku yanga siifika uko."

Anapulinta nkhope yokhayo, yaikulu ngati mbale, timabokosi tili mbwee. Chinali chithunzi chonyansa kuposa zonse zimene Tomasi anagwirapo. Anachiika m'malaya n'kubwerera ku Msanzala, kathumba ka mtedza kakadali pa kaliyala.

Anawapeza mai ake akusankha thonje pakhonde. Ataona kathumbako anafuna kufunsa, koma Tomasi anagwada pamphasa n'kuyamba ndi chithunzi chake chobwezedwa chija. Anawapempha kuti achiyandikize ngati mmene anachitira dzulo lake ndi cha ku Tete. Anachiyandikiza. Anapititsa chala patsaya la pachithunzi, kenaka patsaya lawo, n'kubwereranso pachithunzi.

"Zili kuti?"

"Ninazifuta, amai. Pa kompyuta."

"Chifukwa?"

"Munati nikonze bwino."

Amai Ezelina anamuyang'ana nthawi yaitali osakwiya, ndipo kusakwiyako ndi kumene kunamupweteka.

"Zaka zonse izi," anatero, "iwe unali kuona monga ni dothi?"

Tomasi anaweramitsa mutu. Anangotulutsa pepala lija m'malaya n'kuwafotokozera, mawu akupunthwa, kuti ku Tete kulinso munthu wa ntchito ngati yake, wa sidi ngati yake, amenenso mwina anauzidwa kuti akonze bwino. Anagwira chala cha mai ake n'kuchiyendetsa pa timizere tosalala tija, titatu patsaya ili, titatu patsaya ilo. Pofika pamphumi anachisiya, ndipo chalacho chinayenda chokha, kuyambira pakati kutsikira kudiso la kumanzere. Chinabwerera pamwamba n'kutsikanso.

"Siniziwa bwino-bwino, amai," anatero Tomasi. "AKapembwa akuti kapena ni makwinya."

Mai ake sanamumve, kapena anasankha kusamumva. Misozi inkatsika n'kudutsa pa mphini zawo, koma mawu anali ouma ngati masiku onse.

"Morgan ayenda liti?"

"Pa Chinai."

"Tenga kamela."

Tomasi anafuna kuitana Pilirani kuti abweretse nsapato zoyera zija, mai ake n'kumuletsa ndi dzanja. Sanadzuke n'komwe. Anakhala pomwepo pamphasa, thonje litawamatirira pachitenje, anakankhira duku kumbuyo kuti mphumi ioneke, n'kutembenuzira nkhope kudzuwa. Tomasi anaimirira n'kuyamba kuwerenga mapazi ake chobwerera m'mbuyo. Sanadziwe ngati awaike pakati kapena pambali, ngati khoma la dothi lilowe, ngati dzuwalo silikuonetsa makwinya ambiri.

"Fendela," anatero mai ake.

Anasendera.

"Fendelanso."

"Amai, miyendo siizaoneka."

"Miyendo aiona kale."

Anagwada pamphasa pomwepo, pafupi moti anamva fungo la utsi la duku lawo, n'kudina kamodzi basi. Pa kagalasi panatuluka nkhope yokha, khutu limodzi litatsala kunja. Tomasi anawerenga mphini, ndipo zonse zisanu ndi ziwiri zinalipo. Mai ake sanapemphe kuchiona. Anaitana Pilirani n'kumuuza kuti atsitse kathumba panjinga, akakabwezere pakona paja.